Blantyre m'nyengo ya masika: mzinda woyenera kuuyenda wapansi

Mvula ikangokata mu Epulo, mzinda wa Blantyre umasintha nkhope. Matope amene amazunza anthu a ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe dzinja lonse amauma, pomwe fumbi la chilimwe limakhala lisanadzuke. Udzu umakhala ukadali wobiriwira m'mapiri, deliya amachita maluwa achikasu m'mbali mwa misewu, ndipo pamphambano iliyonse pamamveka kafungo ka chimanga chowotcha. Dzuwa limawala koma silipweteka. Munthu atha kuyenda wapansi kuchokera ku Wenela mpaka ku Ginnery Corner osasaka mthunzi wopumirapo.

Komatu alendo ambiri amene amafika mumzinda uno sadzera zimenezi. Wina wabwera kudzazonda m'bale wake ku chipatala cha Gulupu, wina kudzapikula katundu ku Limbe, wina kumsonkhano wa kuntchito, winanso wangotsika ndege ku Chileka koma mtima uli kale ku Mulanje kapena kunyanja. Akafunsa eni mudzi ngati kuno kuli choti munthu n'kuona, ambiri amaloza masitolo a ku Chichiri basi. Tikamatero timamana mlendo, ndipo timadzimananso tokha. Mzinda uno, womwe kalembera wa 2018 adaupeza ndi anthu oposa 800,000, udasunga mbiri ya dziko lino m'makoma, m'misewu ndi m'mapiri ake, ndipo miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni ndiyo imalola munthu kuziona zonsezi ndi mapazi ake.

Nyengo yabwino kuyenda

Blantyre ali pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. N'chifukwa chake anthu a ku Chikwawa, kumunsi kwa zitunda, akamapukuta thukuta, kuno m'mawa wa mu Meyi umafuna juzi. Mvula ya miyezi ingapo imakhala itatsuka mlengalenga, ndipo moto wa kutchire, umene umadzaza utsi paliponse kuyambira cha mu Ogasiti, umakhala usanayambe. Mukaima pamalo okwera, phiri la Mulanje limaonekera poyera, chimodzimodzi la Zomba ndi la Chiradzulu. Pofika Okutobala mapiri omwewo amabisika mu utsi ndi fumbi.

Nyengoyi imabweranso ndi chiperoni. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imanyamula chinyezi cha nyanja yamchere, n'kudutsa ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone. Ikamakwera zitunda za kuno imazizira n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Kunja kumatha kuda masiku awiri kapena atatu, kenaka n'kuyeranso. Tsiku lotere musalitaye pogona. Ndilo loyenera kulowa m'tchalitchi zakale, m'nyumba zosungira mbiri ndi m'malo owerengera mabuku, kusiya mapiri kuti mudzakwere kukacha bwino.

Yambirani pa Mishoni

Ulendo uyambire pomwe mzinda udayambira. Mu Okutobala 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland adamanga misasa yawo m'dera la mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson adasankha akuyenda ndi womasulira wake, Tom Bokwito. Malowo adawatcha Blantyre potengera tauni ya ku Scotland komwe David Livingstone adabadwira. Lero ndi likulu la Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, m'mbali mwa msewu wopita ku Chileka, ndipo sukulu ya HHI ikusungabe dzina la Henderson.

Pakati pa bwalo la Mishoni pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott. Scott sadaphunzirepo za zomangamanga. Amene adaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja adali anthu a konkuno, omwenso adali asadamangepo nyumba yamtunduwu. Padalibe pulani yathunthu yojambulidwa papepala. Mbali iliyonse yovuta ankayamba aiyesa posanjikiza njerwa zouma, ndipo akaona kuti yaima bwino m'pamene ankamanga ndi dothi. Chidatsegulidwa pa 10 Meyi 1891, ndipo chikugwirabe ntchito Lamulungu lililonse.

Osangochijambula muli pamsewu n'kumapita. Chizungulireni pang'onopang'ono. Mudzaona kuti nsanja zake ziwiri sizofanana, kuti njerwa zake zidaumbidwa m'zikombole zamitundumitundu, zina zopindika, zina zosongoka, ndipo iliyonse idayikidwa pamalo ake. Mukalowa mkati, kwezani maso muone denga lozungulira ndi mmene kuwala kumaloweramo. Ntchito yonseyi idachitika popanda makina, ndi manja a makolo athu amene mayina awo ambiri sadalembedwe paliponse.

Malowa ali ndi gawo lake pa mbiri ya chiyankhulo chathu. Scott yemweyo adatulutsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja mu 1892. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre. Mukafika pakati pa sabata, yambani mwapereka moni ku ofesi ndi kupempha chilolezo musanalowe kapena kujambula. Mukafika Lamulungu, khalani nawo pa mapemphero, mumve mmene mawu a kwaya amadzazira nyumbayo.

Misewu ya pakati pa tauni ndi nyumba ya Mandala

Kuchoka pa Mishoni kutsikira m'tauni si patali. Blantyre adakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1895, dziko lino likadali lachilendo kwa atsamunda, ndipo nyumba zina za nthawi imeneyo zikadalipo mumsewu wa Victoria Avenue, monga Boma lakale ndi holo yomangidwa pokumbukira mfumukazi Victoria. Mayina a misewu nawo amaphunzitsa. Glyn Jones adali bwanamkubwa wotsiriza wa Nyasaland. Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, adadzacheza kuno mu 1965. Hannover ndi mzinda wa ku Germany womwe udapalana ubale ndi Blantyre mu 1968. Msewu wa Chilembwe ukukumbutsa mbusa John Chilembwe amene adaukira atsamunda mu 1915. Mumzinda momwemuno ndimo chipani cha Nyasaland African Congress chidabadwira mu 1944, James Frederick Sangala ali m'gulu la amene adachikoka, ndipo Levi Mumba ndiye adakhala mtsogoleri woyamba.

Mukamayenda mudzadutsa mizikiti, kachisi wa Ahindu, mabanki, hotela ya Ryalls yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1920, ndi anyamata ogulitsa ziboliboli ndi zojambula. Gulani kanthu kwa iwo. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma kumbukirani kuti mpando wosema kapena mtondo waung'ono umene mwaugwirawo wadya masiku a munthu.

Chakum'mwera kwa tauni, mukaoloka mtsinje wa Mudi n'kukwera pang'ono, mudzafika pa nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, yomwe imadziwika kuti ndiyo nyumba yosanja yakale kwambiri imene ikadali chiimire m'Malawi. Idali likulu la kampani ya African Lakes, yomwe idayambika ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu adamupatsa dzina lakuti Mandala, lomwe lidafalikira ku masitolo a kampaniyo m'dziko lonse. Khonde lake lalikulu ndi malo abwino opumirapo ndi kapu ya tiyi kapena khofi. Pansi pali malo oonetsera ntchito za aluso ojambula, pomwe m'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe lidayamba mu 1946. Mmenemo muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Mwana wa sukulu amene akufuna kuona mmene Victoria Avenue inkaonekera agogo ake asadabadwe, apite kumeneko.

Kumsika, komwe masika amaonekera

Ngati mukufuna kudziwa mwezi umene tili, musayang'ane pa kalendala, pitani kumsika. Mu Epulo ndi Meyi msika waukulu wa Blantyre, wa Limbe ndi wa Ndirande umasefukira ndi zakumunda. Pali miyulu ya mbatata yofiira ndi yoyera, mtedza wauwisi wofukula dzulo, maungu, zitheba, nyemba zaziwisi, nzimbe, magwafa ndi mapeyala. Kukamayamba kuzizira, manachesi a ku Mwanza amafika m'madengu, ndipo pambuyo pake masawu, malambe ndi bwemba zochokera kumadera otentha. Masamba ndi matimati ambiri amachokera cha ku Bvumbwe, pamsewu wa ku Thyolo. Ino ndiyo nyengo imene zakudya zimatsikako mtengo, ndipo mayi wogulitsa mukamulankhula mwaulemu sakumanani banyira.

Mlendo asachoke asanalawe zam'nyengo. M'mawa, tiyi wa mkaka ndi mbatata yophika, kapena futali wothira nsinjiro za mtedza watsopano. Masana, nsima ya ufa wa chimanga cha chaka chino ndi nkhwani wotendera, kapena chambo kwa amene thumba lalola. Chakumadzulo, mondokwa wowotcha pa mbaula kapena mtedza wophika wa m'kapu, ndipo thobwa la mawere likhale pambali. Zimenezi simudzazipeza pa mndandanda wa zakudya za m'mahotela akuluakulu. Zili m'malesitilanti a kumsika ndi m'makomo mwa anthu.

Ndirande ali ndi zakezake zoonetsa. Kuseri kwa mabenchi a zakudya kuli amisiri okhoma zidebe ndi mbaula, akalipentala opala mipando ndi mabedi, owotcherera zitseko ndi mawindo, ndi amakanika amene amadzutsa galimoto yoti ena adaitaya kale. Phokoso la nyundo limayamba m'mamawa. Ndi bwino kupitako ndi munthu wodziwa njira za m'menemo, ndipo musajambule munthu pa ntchito yake musanamufunse.

Chichiri

Kwerani minibasi yolowera ku Limbe kudzera mumsewu waukulu wa Masauko Chipembere. Mudzadutsa chipatala cha Queen Elizabeth ndi sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe ambiri amaitchabe Poly, kenaka n'kufika pa chipilala cha ufulu chomwe chidatang'adza msewu. Tsikani pa Chichiri.

Pano pali nyumba yosungira mbiri ya Museum of Malawi, yomwe idatsegulidwa mu 1966. Panja pake pali mutu wa sitima yapamtunda yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi ya m'nthawi ya Nyasaland, zinthu zimene ana safuna kuzisiya. Mkati muli zida zachitsulo zimene makolo ankasula, ndalama zakale, zotsala za nthawi ya malonda a akapolo, komanso mwala wolemera makilogalamu oposa 90 womwe udagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu Januwale 1981. Nyumbayi ikufunika chisamaliro choposa chimene imalandira, ndipo kandalama kolowera pakhomo kamene mudzapereke ndi mbali ya chisamaliro chimenecho.

Pafupi pomwepo pali bwalo la zamasewero la Kamuzu. Pabwalo limeneli, usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Julaye 1964, mbendera ya Britain idatsitsidwa ndipo ya Malawi idakwezedwa koyamba. Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo kawirikawiri imayamba cha mu Epulo, ndipo mlendo amene wakumana ndi sabata yoti Nyasa Big Bullets ikukumana ndi Mighty Wanderers wachita mwayi. Tsiku limenelo mzinda umagawikana pawiri, ofiira a Maule (Bullets) ndi abuluu a Manoma (Wanderers), kuyambira m'maminibasi mpaka m'mabanja. Bwaloli lakalamba ndipo nthawi zina limatsekedwa, choncho mverani pa wailesi kumene masewero akuchitikira. Ena amaseweredwa pa bwalo la Mpira ku Chiwembe. Fikani msanga, ndipo ngati muli ndi ana khalani kufupi ndi potulukira.

Chakumapeto kwa Meyi, zaka zambiri, bungwe la amalonda la MCCCI limachititsa chionetsero cha zamalonda pabwalo lake la pa Chichiri pomwepo. Kumabwera makampani a m'dziko muno ndi a maiko oyandikana nafe, komanso magulu a alimi ndi amayi opanga uchi, mafuta ophikira, sopo ndi zovala. Kwa munthu amene akufuna kudziwa zimene Amalawi akupanga ndi manja awo lero, tsiku limodzi kumeneko limaphunzitsa zambiri.

Limbe, tauni ya njanji ndi fodya

Limbe ali ndi mtima wosiyana ndi wa Blantyre. Blantyre adabadwa ndi mishoni, Limbe adabadwa ndi njanji. Njanji ya Shire Highlands, yochokera ku Port Herald komwe lero ndi ku Nsanje, idafika kuno mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ya fodya ku Limbe. Amwenye amalonda adamanga masitolo awo kufupi ndi siteshoni, antchito adabwera kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi kutsidya kwa malire, tauni n'kukula. Matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956, koma mpaka lero munthu wa ku Bangwe akati akupita m'tauni, muyenera kumufunsa kuti iti.

Nyengo ya masika ndiyonso nyengo ya msika wa fodya, womwe kawirikawiri umatsegulidwa mu Epulo. Malole odzaza mabelo amandandalika panjira ya ku okushoni, alimi akudikira kuti amve mmene thukuta lawo la chaka chonse lagulidwira. Fodya ndiye wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno kwa zaka zochuluka, ndipo kuona mabelo ali m'mizere m'chinyumba chachikulucho kumathandiza munthu kumvetsa chifukwa chake mitengo ya kumeneko imakhala nkhani ya dziko lonse. Ndi malo a ntchito, choncho pemphani chilolezo kwa oyang'anira musanapiteko.

Kwa ofuna zitenje, Limbe ndiye kwawo. Masitolo a m'misewu ikuluikulu amaunjika nsalu mpaka kudenga, ndipo atelala ali pakhonde pomwepo ndi makina awo, okonzeka kukusokerani malaya kapena diresi musanabwerere kwanu. Kumsika kuli kaunjika wa majuzi ndi majekete, amene panthawi ino amayenda malonda kwambiri. Mukamayenda tcherani khutu. Mudzamva Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chichewa cha m'tauni zikusinthana pa benchi imodzi. Mukatopa ndi piringupiringu, kwerani ku tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Our Lady of Wisdom, likulu la Arkidayosizi ya Blantyre, mukapumeko.

Mapiri, ndi zimene akutiuza

Chimene chimasiyanitsa Blantyre ndi mizinda ina ya m'Malawi ndi mapiri. Ndirande ndiye wamtali, mamita oposa 1,600. Soche amaposa 1,500, Michiru amaposa 1,400, ndipo chakum'mawa kuli Mpingwe ndi Bangwe. Dzinja njira zake zimaterera, chilimwe dzuwa limaswa mtengo, koma m'miyezi ino munthu wathanzi lake atha kunyamuka m'mamawa n'kubwerako nkhomaliro isanakwane. Loweruka lililonse mudzakumana ndi magulu a achinyamata olimbitsa thupi, komanso amayi ndi abambo okwera kukapemphera.

Kwa woyamba kumene, njira yabwino ndi Njira ya Mtanda, yomwe imayambira cha ku Chilomoni n'kukwera mbali imodzi ya Michiru. M'njiramo muli malo oimapo okumbukira masautso a Yesu, mpaka pa mtanda waukulu womwe uli pamwamba. Adaikonza ndi Akatolika, ndipo nthawi ya Pasaka kumakhala khamu, koma anthu a mipingo ndi zipembedzo zina amakweranso. Mukafika pamwamba mzinda wonse umakhala pansi panu. Amene amafika pansonga penipeni pa Michiru amaona bwalo la ndege la Chileka ndi chigwa cha Shire. Pa Soche, maso amafika ku minda ya tiyi ya ku Thyolo.

Koma amene wakwera ndi maso otsegula amaonanso zina. Nkhalango ya m'phiri la Ndirande idatha m'zaka za m'ma 1990. Ku Soche nyumba ndi minda zakwera mpaka pamalo amene kale padali mitengo yachilengedwe. Michiru, amene kwa zaka zambiri adali malo otetezedwa okhala afisi, anyani, agwape ndi mbalame zamitundumitundu, wagwetsedwa mitengo kwambiri m'zaka zaposachedwapa. M'malo mwa mthunzi, m'mbali zambiri mudzapeza zitsa ndi mauvuni a makala.

Zotsatira zake tidaziona mu Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo. Matope ndi miyala zidatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Mvulayo idali yoopsa, yoti ngakhale phiri lamitengo likadavutika nayo, koma dothi lopanda mizu yoligwira silichedwa kugumuka, ndipo nyumba zidali m'njira ya madzi. Mipata imene madzi adang'amba ikuonekabe. Mukamadutsa kumeneko dutsani mwaulemu, chifukwa kwa mabanja ambiri malowo ndi manda.

N'kosavuta kuloza chala wootcha makala. Koma thumba limene watsika nalo panjinga likupita kukhitchini kwa tonsefe, popeza mabanja ambiri mumzinda uno amaphikira pa mbaula, ena chifukwa magetsi sadawafike, ena chifukwa amazimazima kapena adakwera mtengo. Ngakhale madzi a m'mipopi akukhudzidwa. Damu la Mudi limadalira madzi otsika m'phiri la Ndirande, ndipo madzi ambiri a mumzinda amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa mtunda wautali ndi magetsi odula.

Ichi n'chifukwa chake kukwera mapiriwa si kungosangalala chabe. Phiri limene anthu amapitako sabata iliyonse limakhala ndi mboni, ndipo nkhwangwa siigwa momasuka pamene pali maso. Mnyamata wa ku Chilomoni kapena ku Chilobwe amene walipidwa chifukwa cholondolera alendo njira amayamba kuona kuti mtengo woimirira ungamudyetse chaka ndi chaka. Choncho pitani pagulu, tengani wokulondolerani wa m'deralo ndipo mumulipire bwino. Nyamulani madzi akumwa, valani nsapato zogwira pansi, ndipo mabotolo ndi mapepala anu mutsike nawo.

Dzuwa likalowa

Kuno kumada msanga m'miyezi imeneyi, ndipo kuzizira kumabwera ndi mdima. Apa m'pamene utsi wa kanyenya ndi chiwaya umayamba kukwera m'misika ya m'makwalala monga ku Zingwangwa, Chilomoni ndi Chirimba, anthu atazungulira moto akukambirana za mpira ndi ndale. Okonda zisudzo, ndakatulo ndi nyimbo afufuze zimene zakonzedwa ku Blantyre Cultural Centre, yomwe kale inkatchedwa French Cultural Centre, kapena ku Jacaranda Cultural Centre cha ku Mandala.

Nyimbo zambiri zimene dziko lino limanyadira zidachokera ku Chileka. Kumeneko ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, kwa Robert Fumulani, komanso kwa Evison Matafale, amene adayambitsa gulu la Black Missionaries asanamwalire mu 2001. Gululi likuimbabe, ndipo mukamva kuti lili mumzinda kumathero a sabata, pitani. Bwalo la ndege la komweko ndi pomwe Kamuzu Banda adatsikira pa 6 Julaye 1958 pobwerera kumudzi patatha zaka zoposa 40 ali kunja.

Kwa amene ali ndi tsiku lapadera

Ubwino wina wa Blantyre ndi wakuti malo ambiri okongola ali pafupi moti n'kupita m'mawa, madzulo n'kudzagona konkuno. Ku Thyolo minda ya tiyi imakhala yobiriwira kwambiri mvula ikangotha, ndipo esiteti ya Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, imalandira alendo. Ku Mulanje, phiri lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, ndipo amene sangathe kukwera patali atha kukafika pa Dziwe la Nkhalamba kuchokera ku Likhubula. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu kuli Providence Industrial Mission, yomwe John Chilembwe adayambitsa mu 1900. Kumunsi ku Chikwawa kuli nkhalango ya Majete, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003, ndipo njovu, mikango ndi zipembere zidabwereramo. Majete ndi umboni wakuti malo amene adatheratu atha kudzukanso anthu akagwirana manja.

Zoti mukumbukire

Tengani juzi kapena jekete ngakhale m'mawa kutacha bwino. Udzudzu umakhala ukadalipo mvula ikangotha, choncho gonani m'neti. Minibasi ndiyo yotsika mtengo, ndipo funsani kondakitala mtengo musanakwere. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto, pemphani chipewa choteteza mutu. M'malo odzaza anthu monga m'madepoti ndi m'misika sungani bwino foni ndi chikwama, ndipo usiku yendani pa galimoto ya munthu wodziwika. Ogulitsa ambiri amalandira ndalama za pafoni, koma kumsika ndalama zing'onozing'ono za m'manja zimathandiza. Koposa zonse, yambani ndi moni. Pano munthu amene wapereka moni sasochera.

Kwa ife eni mzinda, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo zimene akanene kwawo ndi zimene tamuonetsa. Khonsolo ili ndi ntchito yake: zikwangwani zofotokoza mbiri pa nyumba zakale, tinjira ta oyenda pansi tosakumbika, zimbudzi zaukhondo m'misika, ndi kuyeretsa mtsinje wa Mudi. Aphunzitsi atha kutenga ana kupita nawo ku Mishoni, ku Mandala ndi ku Chichiri popanda kudikira ndalama zambiri. Mipingo ndi magulu amene amakwera mapiri kukapemphera kapena kukalimbitsa thupi ali ndi mphamvu yoposa imene amadziyesa nayo, chifukwa amadziwa kale njira iliyonse ndi chitsa chilichonse. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala. Aliyense amene akwere Soche, Ndirande kapena Michiru m'masika ano, mlendo ndi mwini mudzi yemwe, aone malo amene pafunika mtengo, afese mbewu m'machubu kukadali nthawi, ndipo mvula ikadzagwa adzakwerenso ndi mbande m'manja.